Dzanja Limene Silinapetepo

Ndatopa, ee, ndatopa, koma ndiyimba. Ena kutopa kumawatuluka ndi misozi, ine kumandituluka ndi nyimbo. Kulemba ndinaphunzira nditakula kale, ku sukulu ya akuluakulu ya ku tchalitchi, ndipo cholembera chimandilemera kuposa munsi. Komabe ndifuna ndinene za dzanja la amuna anga, dzanja lamanja, limene linagona chaka chija chimanga chinatichitira bwino.

Tinali titangomaliza kukolola. M'mawa wina iwo anapita kukatsegulira mbuzi. Ndinamva mbuzi zikulira, zikulira, koma osatuluka. Nditapita kukhola ndinawapeza atakhala pansi, atatsamira mtengo, pakamwa patapotokera mbali imodzi, dzanja lili lende ngati chingwe chonyowa. Aneba anatinyamula pa ngolo ya ng'ombe mpaka ku chipatala cha mishoni ku Mpanshya. Kumeneko anati ndi sitiroko, magazi atseka njira m'mutu.

Mwendo unabwerera, wokokakoka, ndi ndodo. Mawu anabwerera, olemera ngati a munthu wodzuka kutulo. Koma dzanja ayi. Dzanja linangokhala pa mwendo pawo ngati mlendo wosalankhula.

Titabwerera kunyumba anandiuza kuti mpando wawo ndiuike kuseri, kumene kuli nthochi, osati pabwalo.

"Bwanji, imwe?"

"Anthu akabwera adzapereka moni. Ndiwapatse dzanja liti?"

"Lamanzere liripo."

"Lamanzere ndi la kuchimbudzi."

Ndiye kudya amadyera kuseri, ndi lamanzerelo, atatembenukira ku nthochi kuti ngakhale ine ndisaone. Wobwera kudzawazonda ndinkamuimitsa pa mpanda. Agona, ndinkatero. Agona, agona, agona. Mawu amenewa ndinawanena mpaka anasanduka nyimbo, ndipo anthu anatopa, anasiya kubwera.

Mwana wathu wamwamuna amakhala ku Lusaka. Ndi mwana wabwino, sindimuneneza. Anayimba foni nati, "Amai, mvula ikayamba, njira ya kwanu galimoto siilowa. Ndidzabwera isanagwe. Ngati dzanja la atate lidzakhale likadali choncho, ndidzawatenga. Zipatala za kuno zili ndi makina."

"Nanga ine?"

"Imwe mukachoka, munda ndi mbuzi zitsala ndi ndani? Komanso chipinda ndi chimodzi, amai, adzagona ndi anyamata amene ndimakhala nawo."

Amuna anga anamva zonse, pakuti foni yanga imalankhula mokuwa. Anadikira kuti ndizimitse. Kenako anati, "Ndikakwera basi ya ku Lusaka, ndidzabwera kuno ndili m'bokosi."

Chikwatiranireni sitinasiyanepo, kupatula masiku a maliro ndi a uchembere. Takangana, ee, takangana mpaka nkhuku kuthawa. Koma kusiyana ayi. Choncho nkhani inali imeneyi: dzanja lionetse moyo mvula isanagwe, apo ayi andilanda mwamuna.

Ku chipatala kuli mtsikana amene amaphunzitsa ziwalo zakufa kuti ziyambenso ntchito. Timamutcha ba fizo. Ndi wamng'ono ngati mdzukulu wanga, koma akagwira mkono amadziwa pogwira. Anandiphunzitsa kuwongola zala, kupinda chigongono, kusisita. Ndiye anandiuza chinthu china chimene poyamba ndinachiseka.

"Ambuya, mukakhala kunyumba, muzichita ntchito za manja za tsiku ndi tsiku pamaso pawo. Iwo aziyang'anitsitsa. Mukamaliza, atseke maso, aganize kuti akuchita ndi iwo."

"Kuyang'ana chabe? Mwana wanga, bambo awa akhala akundiyang'ana ndikugwira ntchito chikwatiranireni. Kukanakhala kuchiritsa, bwenzi ali ndi manja anayi."

Anaseka mpaka kugwira tebulo. Kenako anafotokoza pang'onopang'ono. Anati mu ubongo muli malo amene amatuma dzanja. Munthu akatola kapu, malo aja amadzuka. Koma akaona mnzake akutola kapu, mbali ina ya malo omwe aja imadzukanso, ngakhale dzanja lake lili phee. Ndipo akatseka maso n'kuganiza kuti akutola, imadzukanso. Anati sizifanana ndendende, kuona ndi kuganiza, koma zimayenda m'njira zoyandikana, zina n'kukhala zomwezo. Njira ikamapondedwa siimera udzu. Anatinso sakundilonjeza kanthu, ena zimawathandiza, ena pang'ono chabe, ndipo kuwongola zala kuja ndisasiye.

Kenako ndinati, "Ngati nyimbo?"

"Bwanji, ambuya?"

Ndinamuuza. Ine ndine wa kwaya. Chaka china ndinadwala pakhosi, mawu anauma, ndinkakhala pa benchi la kumbuyo. Anzanga akayamba nyimbo, pakhosi panga pankayenda pokha, kukwera pokwera, kutsika potsika, ndipo Misa ikatha ndinkatopa ngati ndayimba. Ndipo ndikamapita kumunda ndekha, pakamwa chitsekere, nyimbo ikayamba m'mutu, mpweya wanga umadikira pamene oyimba amapumira.

"Ndi chomwecho," anatero ba fizo. "Pitani mukawayimbitse dzanja."

Ndinabwerera ndikuvina mumsewu, ine, mayi wamkulu, ndi thumba la mankhwala kumutu.

Koma ntchito yake, mayo! Tambala akalira, kuchitsime. Ndikabwera, kuwasambitsa. Kuwaveka malaya, kuyamba ndi mkono wakufa, kumanga mabatani. Mbuzi. Phala. Kuwongola zala zimene zinkapindika ngati mapazi a nkhuku yophika. Ndiye ndikatero, msana ukulira, ndinkayala mphasa kuseri kwa nyumba, pamaso pa mpando wawo, n'kuyamba sukulu.

Ba fizo anati ntchito za tsiku ndi tsiku. Ndiye ndinatenga lichero. Ndinkapeta pang'onopang'ono, kuponya, kulandira, kuponya, kulandira. Ndinkasankha nyemba, imodzi imodzi, zofumbwa uku, zabwino uku. Ndinkasenda chibwabwa, masamba a maungu aja, kukoka ulusi wake kuchokera ku phesi. Ndinkafinya chitenje chonyowa mpaka dontho lomaliza. Ndipo ndinkayimba kanyimbo kanga:

Dzanja iwe, kwacha,
anzako ali kumunda,
dzanja iwe, kwacha.

"Manje tsekani maso," ndinkatero ndikamaliza.

Ankatseka.

"Mukuchita?"

"Mmm."

"Mukuchita bwino?"

"Mmm."

Ine maso pa zala. Zala zili duu. Nthawi zina ndinkamva mkonono, sukulu yathera m'tulo.

Mwezi wozizira unapita. Mphepo ya fumbi inabwera n'kupita. Mitengo ya m'mapiri inayamba kuphuka masamba ofiira aja, ndipo kutentha kunayamba kutsika kuchokera kumwamba ngati chitsulo. Nyemba za m'nyumba mwanga ndinazisankha, n'kuzisakanizanso, n'kuzisankhanso, mpaka zinayamba kundidziwa. Mapewa anga ankayaka. Kanyimbo kaja kanafupika, kanatsala "kwacha" yekha, ndipo tsiku lina ndinapeza kuti ndikupeta chete. Ine, chete! Ndinachita mantha ndi chete ameneyo kuposa matenda.

Kum'mawa mitambo inayamba kusonkhana madzulo, n'kubalalika. Mwana anayimbanso. "Zili bwanji, amai?" Ndinati tikuyesa. Anati, "Chabwino," ndipo chabwino wakeyo ndinamumva kuti wayamba kale kufunsa mtengo wa matiresi.

Tsiku lobwerera ku chipatala linafika. Ba fizo anagwira zala, anapinda, anawongola. Anati zafewa, ndachita bwino. Koma kuyenda zokha, ayi. Anakoka mpando, anakhala pafupi ndi amuna anga, amene amawatcha ba shikulu, ndiye kuti agogo.

"Ba shikulu, ambuya akamaliza kukuonetsani, mukatseka maso, mumaona chiyani?"

"Ndimaona mkazi wanga."

"Akuchita chiyani?"

"Akupeta."

"Nanga dzanja lanu limakhala kuti?"

"Pa mwendo."

"Simumva lichero m'manja mwanu? Kulemera kwake, m'mphepete mwake mokhakhala?"

Anamuyang'ana ngati wawafunsa ngati anaberekapo mwana. "Mayi, dzanja ili silinapetepo."

Ba fizo anatembenukira kwa ine. "Ambuya, mwakhala mukuwaonetsa chiyani?"

Ndinawerenga pa zala: kupeta, nyemba, chibwabwa, kufinya.

"Pa zimenezi, ndi iti imene anachitapo?"

Ine ndi amuna anga tinayang'anana. Kwathu mwamuna sagwira lichero. Akaligwira, ndiye kuti mkazi wafa. Ine ndinamva "ntchito za tsiku ndi tsiku", n'kutenga za tsiku langa. Tsiku lawo silinandibwerere m'mutu n'komwe.

Mtsikana uja anagwira kumutu. "Pepani, ambuya, ndinayenera kufunsa." Anati kuona ntchito imene thupi lako limaidziwa kumadzutsa malo aja mwamphamvu kuposa kuona ya chilendo. Ndipo poganiza, munthu asamadzione ngati ali patali, kapena kuona mnzake, koma amve kuchokera m'kati, ngati dzanjalo ndi limene likuchita.

Apo ndinamva, ndipo ndinamva kuwawa. Alendo ena anabwera ku tchalitchi kwathu n'kuyimba m'chilankhulo chawo. Inali yokoma, ndinaombera m'manja, koma pakhosi panga panali phee. Ndiye ine miyezi yonseyi ndakhala ndikuyimbira dzanja la amuna anga nyimbo ya alendo.

"Ba shikulu," anatero, "dzanja ili linkakonda chiyani?"

Iwo anayamba kukanda pansi ndi ndodo.

Ndinayankha ndine, ndipo mawu anatuluka owawa ngati ndulu. "Khasu pang'ono. Nsolo kwambiri."

Nsolo! Masewera aja a maenje okumba pansi m'mizere, amuna atazungulira, wina akutapa timiyala m'dzenje n'kumagwetsa kamodzi kamodzi m'maenje otsatira, mpaka adye ta mnzake. Nsolo ndiye anali mkazi mnzanga. Ndinkawatuma mchere m'mawa, mchere n'kufika dzuwa litapendeka, chifukwa unadutsira pansi pa mtengo wa pa sitolo. Ndinalumbira ndili mtsikana kuti pabwalo langa sipadzakumbidwa dzenje la nsolo ine ndili moyo. Bwalo langa ndimalisesa mpaka limawala, ndimalizira ndi dothi lakuda m'mbali, anthu odutsa amaima kuyang'ana.

"Kutapa ndi kusiya," anatero ba fizo, akutsegula ndi kutseka zala zake. "Ndi zimene tikufuna."

Panjira yobwerera ndinati, "Mawa ndikuperekezani ku mtengo wa pa sitolo."

"Sindipita."

"Imwe, mitambo mukuiona?"

"Ndati sindipita. Akandione ndikutuluka dovu?"

Ndinagona ndi mkwiyo, ndinadzuka nawo. Nditamaliza za m'mawa ndinamanga chitenje, ndinapita kwa msuweni wawo. Ameneyu ndi mdala wamtali, wa dzino limodzi kutsogolo, mdani wawo wa pa nsolo kuyambira ali anyamata. Pa chisuweni amanditcha mkazi wake, ndipo ndi mmodzi wa amene ndinawabweza pa mpanda.

"Aa, mkazi wanga! Wabwera kudzandiuza kuti agona?"

"Tengani khasu lanu laling'ono, mubwere."

"Wafa? Tikakumbe manda?"

"Mukakumbe nsolo. Pabwalo langa."

Anachotsa chipewa, anayang'ana kumwamba. "Mvula ya chaka chino idzagwa yofiira."

Anabwera masana ndi mnzake wina, mdala wosalankhulalankhula. Ndinawalozera pakati penipeni pa bwalo, pansi pa mango. Khasu litalowa koyamba ndinatembenuka, ndinamva ngati akukumba pamsana panga. Maenje, maenje, maenje, mizere inayi. Anathira timiyala tawo ta kumtsinje kuchokera m'kachitini.

Amuna anga anali kuseri, ku nthochi zawo. Sitinawaitane. Msuweni anangoyamba kusewera, mokweza, timiyala tikulira, kho, kho, kho.

"Ndadya! Pamudzi pano palibe mwamuna, ndadya!"

Tsiku loyamba sanatuluke. Ndinapita kuseri ndi madzi, ndinawapeza khutu lili tcheru, nkhope ili gwa. Tsiku lotsatira ndinamva ndodo. Go. Go. Anaima pa ngodya ya nyumba ngati akuyang'ana mbuzi.

Msuweni sanadzutse mutu, sanapereke moni, sanatambasule dzanja. Mulungu amudalitse mdala wa dzino limodzi uja. Anangoti, "Mkazi wanga, uko kwaima chiyani? Ngati ndi chitsa, chibweretse kuno tikhalire."

"Chitsa ndi iwe," anatero amuna anga. Anali mawu oyamba kuwalankhula kwa munthu wa kunja.

Ndinabweretsa mpando. Ndinawaika kumbuyo kwa mdala wachete uja, kuti aziona dzanja lake ngati lawo, monga anandilangizira ba fizo. Dzanja lakufa ndinaliika pa bondo, chikhatho pansi. Ine ndinakhala pa mphasa ndi nyemba zanga, koma maso sanali pa nyemba.

Anayang'ana mosiyana ndi mmene ankandiyang'anira ine. Khosi linatalika. Milomo inkayenda, kuwerenga maenje. Mdala wachete akatapa, phewa la amuna anga linkapendekera kutsogolo pang'ono. Masewera akatha, ndinkati, "Tsekani maso, mubwereze." Msuweni ankaseka, "Onani, akupemphera kuti andidye!" Koma iwo ankatseka, ndipo ulendo uno kunalibe mkonono. Nkhope inkagwira ntchito. Akatsegula maso ankapuma ngati achokera kumunda.

"Mwaona chiyani?"

"Sindinaone. Timiyala n'tozizira."

Anapitiriza kubwera masana alionse. Amuna ena anamva, anayamba kufika, awiri, atatu, kenako gulu. Ndipo amuna akakhala pabwalo pako sungawasiye kukamwa kouma. Ndinkaphika munkhoyo, thobwa lathu la mizu, kukazinga nshawa, kutunga madzi owonjezera. Ntchito yanga inachuluka kuposa kale. Zala zinali duu. Usiku kum'mawa kunkang'anima.

Ndiye masana ena, kukutentha koti ngakhale nkhuku zinatsegula milomo, msuweni anaba. Ndinamuona ndi maso anga, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati anachitira dala. Pogwetsa timiyala anadumpha dzenje limodzi, kuti akathere pamene pali zambiri.

"Wadumpha!" Amuna anga anakuwa. "Wakuba iwe, wadumpha apo!"

"Pati? Loza."

Ndinayang'ana pa bondo. Chala cha mkombaphala chinanyamuka, chinakanda buluku, chinagwa. Chinanyamukanso. Chala chachikulu chinabwera kudzakumana nacho, ngati akufuna kutola kamwala kamene kanasiyidwa.

Lichero linagwa, nyemba mbwee pabwalo ponse. Ndinaimirira, ndinaliza nthungululu yoti mbuzi zinadumpha m'khola. Dzanja iwe, kwacha! Dzanja iwe, kwacha! Ndinavina pakati pa amuna, ndinaponda maenje awo, msuweni akukuwa, "Mkazi wanga wapenga, watiwonongera masewera!" Amuna anga ankangoyang'ana chala chawo, misozi ikutsikira mbali yopotoka ija.

Musaganize kuti dzanja linadzuka n'kugwira khasu. Ayi. Zinadzuka zala zitatu, ndipo zinadzuka ngati nkhalamba, mochedwa, modandaula. Ziwiri zakumapeto mpaka lero zili m'tulo. Ba fizo titamuonetsa anaombera m'manja, koma anati njira ikadali yaitali, ndipo mwina sitidzafika kumapeto kwake. Anatinso sitingadziwe kuti chachita zambiri n'chiti, nsolo, kusisita, kapena nthawi. Ine ndinati zonse zilandire zikomo.

Mwana anafika mvula yoyamba itawaza kale fumbi, nthaka ikununkhira. Anaimika galimoto ya mnzake pa mpanda. Ndinaona bulangeti latsopano pa mpando wa kumbuyo, lofunditsa atate ake panjira. Analowa, anaima. Bwalo la amake lodzaza maenje ndi makoko a nshawa, amuna atazungulira, atate ake pakati pawo, atakhala pa kampando kafupi.

Inali nthawi yawo yosewera. Anagwira mkono wamanja ndi dzanja lamanzere, anaunyamula, anaufikitsa pa dzenje. Zala zitatu zinatseka pa timiyala tiwiri. Anasuntha. Kusiya ndiye kovuta, zala zimakana kutsegula. Thukuta linatsika pa mphuno. Kamwala kanagwa, kanagunda m'mphepete, kanagubudukira kunja.

"Kunja sikuwerengedwa!" anatero msuweni. "Bwerezanso, ndilibe chisoni ndi opuwala ine."

Anabwereza. Ine sindinayang'ane dzenje. Ndinayang'ana mwana wanga. Anali ataima ndi makiyi kumanzere, ndipo dzanja lake lamanja, lili m'mbali mwa buluku, linkatseka, linkatsegula, linkatseka, linkatsegula, iye osadziwa. Kamwala katagwera m'dzenje, kho, zala zake zinatambasuka zonse, ndipo anapuma.

Anagwada kupereka moni. Atate ake anamupatsa lamanja.

Mwana anagona masiku awiri. Pochoka anandikokera pambali. "Amai, mukwanitsa? Mwaonda."

Ndikanatha kunena zoona, kuti msana watha, kuti mapewa akuyaka, kuti nthawi zina pa chitsime ndimakhala pansi osafuna kunyamuka. Ndinati, "Bulangeti lija usiye."

Analisiya. Galimoto inapita yopanda munthu kumbuyo.

Ndiye ndinapambana, ee, ndinapambana, ndipo mphoto yake ndi ntchito. Tambala akalira, kuchitsime. Kusambitsa, mabatani, mbuzi, zala. Munda ndikulima ndekha ndi aganyu a apo ndi apo. Mvula ikagwa maenje amadzaza madzi, ndipo amene amawakapa ndi chikho, kuti amuna asewere masana, ndine, ine amene ndinalumbira. Bwalo langa lokongola linapita. Ndimasesa mozungulira, mozungulira, ngati ndikupepesa.

Dzulo nditakhala pa mphasa, miyendo itatambalala, ndikuwayang'ana akusewera, msuweni anandiloza.

"Taonani mkazi wanga! Zala zikuyenda!"

Ndinayang'ana. Zinkayendadi, pa chitenje, kutapa, kusiya, kutapa, kusiya.

"Ndikusankha nyemba," ndinatero.

"Nyemba zili kuti?" anafunsa amuna anga, akuseka ndi theka la pakamwa.

Ndinabisa dzanja m'khwapa. Ndinalibe mphamvu yodzuka, choncho ndinangoyimba nditakhala.